Instrumentation amplifier ikamatsalira signal ikafulumira: fufuzani izi musanasinthe IC

Instrumentation amplifier, mwachidule in-amp, ndi IC (chip) yokweza kusiyana kwa voltage pakati pa mawaya awiri. Vuto loti imatsalira signal ikafulumira limabwera mofanana kwa anthu ambiri. Mwalumikiza seketi yoyendera batire, ntchito yake ndi kukweza ka signal kochokera ku sensor, kaya ndi strain gauge, shunt yoyezera current, kapena kachipangizo komva kunjenjemera kwa makina. Pa DC palibe chodandaulitsa: mwalowetsa 10 mV, gain ndi 100, kotulukira kukuwerenga 1 V ndendende. Mukangokweza frequency, zimayambika. Signal ikufota, kapena sine wave yasiya kuzungulira n'kukhala ya makona, kapena kwatulukira phokoso lomwe silimaoneka, kapena kotulukira kukungonjenjemera kokha.

Zikafika apa ambiri amathamangira kukafuna IC yothamanga kuposa yomwe ali nayo. Nthawi zina mankhwala amakhaladi omwewo, koma batire ndilo limavutika. In-amp yotchedwa INA333 imadya pafupifupi 50 µA. AD8421, yomwe imafika 10 MHz, imatha kudya 2.3 mA, kuwirikiza koposa ka 40, ndipo pa 3.3 V siyaka n'komwe chifukwa imafuna 5 V kupita m'mwamba. Chopweteka n'chakuti ngati vuto lili pa waya, pa capacitor kapena pa mwendo wa REF (womwe umakhazikitsa poyambira pa voltage ya kotulukira), IC yatsopanoyo ikalipeza pomwepo likudikira. Kuli ngati kugula nsapato zatsopano pomwe mwala uli m'sokosi.

Zoti liwiro limagulidwa ndi current si nkhani ya malonda a makampani ayi, n'chibadwa cha transistor. Mu bipolar transistor, transconductance (momwe current imasinthira voltage yolowera ikasintha) ndi current ya collector kugawa ndi pafupifupi 26 mV pa kutentha kwa m'chipinda, ndipo bandwidth, malire a frequency yomwe amplifier ingakwanitse, imatsatira transconductance imeneyi kugawa ndi capacitance ya m'katimo. Mukatsitsa current ka 10, liwiro nalo litsika ka 10 ngati capacitance simunaikhudze. Phokoso ndiye lokakamira kuposa pamenepa: kuti litsike ndi theka, current iyenera kukwera kanayi. Ndiye munthu amene akufuna seketi yodya pang'ono koma yothamanga alibe liwiro lotayira. Lililonse limene lingatayike kunja kwa IC adzaliwombola ndi batire. Kufufuza kuyambire kunjako, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi.

Yambani ndi kuchepetsa signal

Musanagwire chowotcherera, tsitsani signal ya generator ka 10, frequency ikhale yomweyo. Ngati kotulukira kwakonzeka, sine wave yabwerera kukhala yozungulira ndipo gain yayandikira yomwe mumayembekeza, bandwidth ilibe mlandu. Chakugwirani ndi slew rate, malire a liwiro limene voltage ya kotulukira ingakwere kapena kutsika nalo.

Masamu ake ndi afupi. Sine wave imafuna slew rate ya 2π kuchulukitsa ndi frequency kuchulukitsa ndi voltage ya pansonga. INA333 pa gain ya 1 ili ndi bandwidth ya 150 kHz, koma slew rate yake ndi 0.16 V/µs. Mukaipempha 1 V pansonga, imayamba kupereka makona cha ku 25 kHz, kutali kwambiri ndi 150 kHz uja. AD620 ili ndi 1.2 V/µs, ndiye ngakhale pa gain ya 1 imalonjeza 1 MHz, 5 V pansonga siingaipereke yoyera kudutsa pafupifupi 38 kHz. Datasheet siinaname. Bandwidth yolembedwa patsamba loyamba amaiyeza ndi ka signal kakang'ono.

Kukonza kwake nthawi zambiri sikudula. Musakakamize in-amp kutulutsa voltage yaikulu. Itulutse mazana ochepa a mV, kukweza kotsala achite op-amp wamba wapatsogolo, kapena tsitsani reference ya ADC (chosandutsa voltage kukhala manambala) kuti signal yaing'onoyo idzaze muyeso wonse.

Ngati mwachepetsa signal koma ikufotabe chimodzimodzi, tsitsani gain. Chotsani RG, resistor yoikira gain, kuti gain ikhale 1, muyezenso. Bandwidth ikatambasuka kwambiri, mwagunda malire a gain ndi bandwidth. INA333 yomweyi imatsika kuchoka pa 150 kHz kufika 35 kHz pa gain ya 10, ndi 3.5 kHz pa gain ya 100. Ma IC amene gawo lawo loyamba lili la current feedback sagwa msanga chotere: AD620 imasunga 120 kHz pa gain ya 100, INA128 imasunga 200 kHz pa 700 µA, AD8421 imasunga 2 MHz. Poyerekeza ma IC, mzere wa gain ya 1 muziungoudumpha, muziyang'ana wa gain yomwe mugwiritsedi ntchito.

Palinso msampha wina womwe umakola ngakhale odziwa. Bandwidth ndi pamene signal yatsika ndi 3 dB, kutanthauza kuti pafupifupi 30 peresenti yatayika kale. Ngati mukuyeza, osati kungomvera, simungagwire ntchito pamenepo. Kuti kulakwa kusapitirire 1 peresenti, frequency yanu ikhale pansi pa gawo limodzi mwa magawo 7 a bandwidth. Pa 0.1 peresenti, gawo limodzi mwa 22. Munthu wofuna kuyeza 10 kHz molondola mpaka 1 peresenti akufunika bandwidth ya 70 kHz, osati 10 kHz, ndipo madandaulo ambiri oti amplifier ikuperewera amachokera pamenepa.

Njira yomwe ndimaikonda pa seketi ya batire ndi kugawa gain pawiri. Ikani INA333 pa gain ya 10, ikupatseni 35 kHz. Patsogolo pake ikani op-amp wa 1 MHz pa gain ya 10, amene apereke 100 kHz. Zonse pamodzi zifika cha ku 33 kHz pa gain ya 100, m'malo mwa 3.5 kHz, ndipo current yowonjezerayo ndi ya ma µA, osati ma mA. Koma si zaulere. Phokoso ndi offset (kulakwa kwa voltage ya DC) za gawo lotulukira la in-amp zimagawidwa ndi gain ya gawo loyamba, ndiye gain imeneyi ikachepa zimaonekera. AD620 ili ndi 9 nV/√Hz kolowera ndi 72 nV/√Hz kotulukira. Pa gain ya 100, 72 uja amasanduka 0.72 n'kuzimiririka. Pa gain ya 10 amasanduka 7.2, ndipo zonse pamodzi zimakwera kufika 11.5. Pa gain ya 1 amalamulira yekha. CMRR, muyeso wa momwe in-amp imakanira voltage yofanana pa mawaya onse awiri, nayo imatsika gain yoyamba ikatsika. Kwa ine gain ya 10 m'gawo loyamba ndi pabwino poyambira, ndipo sindipita pansi pake popanda chifukwa.

Bwanji ngati mwatsitsa gain koma bandwidth siinasunthe? Ndiye wakuberani liwiro si IC, ndi zomwe mwaika kutsogolo kwake. Sefa ya ma resistor awiri a 10 kΩ, capacitor ya 1 nF pakati pa miyendo yolowera ndi ma 100 pF awiri opita ku ground imadula pa 7.6 kHz, chifukwa capacitor yapakatiyo imawerengedwa kawiri: frequency yodulira ndi 1 kugawa ndi 2πR(2CD + CC), pomwe CD ndi capacitor yapakati ndipo CC ndi imodzi yopita ku ground. Ambiri amaiwala 2 ameneyu. Resistance ya sensor nayo imawonjezera pa R. Ndipo waya wa coax amanyamula pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, moti sensor ya 10 kΩ pa waya wa mamita 3 yadulidwa kale pa 53 kHz signal isanafike n'komwe pa bodi.

CMRR yomwe imasungunuka frequency ikakwera

Apa ndi pamene nthawi yambiri imathera, chifukwa ntchito yeniyeni ya in-amp ndi kukana voltage yomwe ili pa mawaya onse awiri (common mode), ndipo kukanako kumafooka msanga kuposa momwe anthu amaganizira. Zizindikiro zake: phokoso la 50 Hz kapena 60 Hz lachepa bwino, koma la injini yoyendetsedwa ndi PWM kapena la switching regulator likudutsa ngati palibe chotchinga. Kapena pa shunt, nthawi iliyonse transistor ikatseka kapena kutsegula, kotulukira kumadumpha ngakhale current siinasinthe.

Kayezedwe kake nkofunika. Musalumikize miyendo iwiri yolowera pa IC penipeni, chifukwa mukatero mukuyeza IC yokha, ndipo idzakhoza mayeso. Lumikizani mawaya awiriwo kumapeto, kumene kumakhala sensor, kudzera m'ma resistor ofanana ndi resistance ya sensor yanu. Pamfundo imeneyo lowetsani sine wave ya 1 V poyerekeza ndi pakati pa supply, ndipo muyeze zotuluka pa 50 Hz, 1 kHz, 10 kHz ndi 100 kHz. Gawani zotulukazo ndi gain, muyerekeze ndi 1 V uja. Maonekedwe a zotsatira ndi amene akuuzeni kolowera.

Ngati CMRR ndi yoipa kuyambira pansi pomwe, pa DC ndi 50 Hz, ndipo sikusintha kwenikweni ndi frequency, nkhani ndi ya ma resistor osalingana. Woyamba kumukayikira ndi mwendo wa REF. Pa seketi ya batire timafuna kotulukira kukhale pakati pa supply, ndiye pamabwera chiyeso choika ma resistor awiri ogawa voltage n'kulumikiza REF pakati pawo, ndipo poti tikusunga magetsi timasankha akuluakulu. Koma REF si mwendo wongomva voltage. Ndi mathero a resistor imodzi mwa zinayi za difference amplifier ya m'kati, zomwe anazilinganiza ndi laser ku fakitale. Resistance iliyonse yomwe mwawonjezera imasokoneza kulinganako. Mu INA128 ma resistor amenewa ndi a 40 kΩ, ndipo 8 Ω chabe pa REF amatsitsa CMRR kufika pafupifupi 80 dB pa gain ya 1. Mu AD620 ndi a 10 kΩ, ndiye 10 Ω akufikitsani pa 66 dB. Tangoganizani zomwe 50 kΩ angachite. Gain nayo imapotoka. Ikani op-amp wa buffer pakati pa chogawa voltage ndi REF. Koma samalani: buffer wodya pang'ono kwambiri amakhala ndi impedance yotsika pa DC yokha, frequency ikakwera nayo imakwera, ndiye bandwidth yake isachepe poyerekeza ndi ya signal yanu. Capacitor yaikulu pa REF popanda buffer imathandiza pa frequency yokwera basi, pa DC vuto lili pomwepo.

Amene mwamanga in-amp yanu ndi ma op-amp atatu, masamu ndi awa: CMRR ya gawo lomaliza, zikaipitsitsa, ndi 1 kuphatikiza gain yake, kugawa ndi kanayi kulakwa kwa ma resistor. Pa gain ya 1, ma resistor a 1 peresenti akhoza kukupatsani 34 dB yokha, a 0.1 peresenti 54 dB. Gain ya gawo loyamba imawonjezera pamwamba pake, koma poyambira ndi pamenepo. Kugula ma resistor anayi olinganizidwa m'phukusi limodzi n'kwanzeru kuposa kusankha amodziamodzi ndi mita, chifukwa kutentha kukasintha amasunthira limodzi.

Ngati CMRR ili bwino pansi koma ikutsika ndi 20 dB nthawi iliyonse frequency ikakwera ka 10, ndipo ikutsika msanga kuposa mzere wa mu datasheet, mlandu uli pa ma capacitor. Tengani sefa ija: 10 kΩ mbali iliyonse, 100 pF kupita ku ground mbali iliyonse. Imodzi ikasiyana ndi inzake ndi 5 pF, zomwe n'zololedwa pa capacitor ya 5 peresenti, mbali ziwirizo zimachedwetsa signal mosiyana, ndipo kusiyanako amplifier imakuona ngati signal yeniyeni n'kuikweza ndi gain yonse. Pa 50 Hz kukana kumathera pa 96 dB, palibe angadandaule. Pa 1 kHz ndi 70 dB. Pa 10 kHz ndi 50 dB. IC ya 100 dB siingakupulumutseni, chifukwa kuwonongekako kwachitika signal isanaifike.

N'chifukwa chake opanga ma IC amalangiza kuti capacitor yapakati ikhale yaikulu ka 10 kapena kuposa poyerekeza ndi ziwiri zopita ku ground. Komabe thandizo lake limayamba pamwamba pa frequency yomwe iyo imadulira, ndipo pa seketi ya bandwidth yaikulu simungaikulitse momwe mungafunire. Chotsala ndi kuchepetsa R, kuchepetsa ma capacitor opita ku ground, ndi kugula a mtundu wa C0G a 1 peresenti. A X7R asayandikire pano: capacitance yawo imasintha ndi voltage ndi kutentha, ndipo bodi ikagwedezeka amatulutsa voltage yawoyawo.

Ma pF osalembedwa pa chithunzi cha seketi amawerengedwanso. Njira imodzi ya kopa yotalika kuposa inzake, diode yotetezera mbali imodzi, waya wosapota. Miyendo ya RG ndiyo yosachedwa kukhumudwa: capacitance yosiyana pa miyendo iwiriyi imasandutsa common mode kukhala signal, ndipo capacitance yodutsa pa RG imakweza gain pa frequency yokwera n'kupanga kaphiri pa graph. RG ikhale pafupi ndi IC, njira zake zifanane, ndipo ngati mukusintha gain ndi analog switch, onani capacitance ya switch imeneyo musanayang'ane china chilichonse. Nkhaniyi ndi yaikulu moti Analog Devices inasintha kasanjidwe ka miyendo pa AD8221, kuika yolowera ndi ya RG mbali imodzi mofanana, kuti ithe kulonjeza 80 dB mpaka 10 kHz pa gain ya 1. Breadboard, ndi ma pF ake angapo pakati pa mizere, si malo oyezera zimenezi.

Kotulukira kwaima pomwe supply ikadalipo

Ili limazunguza mutu chifukwa chilichonse chomwe mungayeze ndi mita chimaoneka cholondola. Supply ndi 3.3 V. Miyendo yolowera ili cha pa 0.5 V, mkati mwa malire. Kusiyana kwake ndi 20 mV, gain ndi 100, mukuyembekeza 2 V, yomwenso ili mkati mwa malire. Koma kotulukira kwaima cha pa 1 V, ndipo signal ikakula nsonga zake zimadulidwa.

Chomwe chakhuta chili m'kati, kumene probe siifika. Mu in-amp ya ma op-amp atatu, ma op-amp awiri oyamba amatulutsa voltage ya common mode, wina kuphatikiza theka la signal yokwezedwa, wina kuchotsa theka. Apa wapamwamba ayenera kutulutsa 1.5 V, wapansi ayenera kutulutsa 0.5 V pansi pa ziro, ndipo supply ya negative palibe. Amaima pa ziro, gain n'kugwa. Mu datasheet muli chithunzi cha common mode poyerekeza ndi voltage ya kotulukira, chooneka ngati dayamondi, ndipo malo anu ogwirira ntchito ayenera kukhala m'kati mwake pa supply, gain ndi REF zanu. Kuti mutsimikize, kwezani common mode pang'onopang'ono kupita pakati pa supply. Kotulukira kukamasuka, mwalipeza. Mankhwala ake ndi kusunthira common mode pakati, kutsitsa gain ya gawo loyamba, kapena kusankha IC ya kamangidwe ka indirect current feedback monga AD8237 kapena AD8420, zomwe sizinyamula common mode m'kati mwanjira imeneyi.

Lina lofanana nalo koma losavuta: kotulukira kumayamba bwino, kenaka kumayenda pang'onopang'ono mpaka kukatsamira ku supply. Mukagunditsa mita pa mwendo wolowera kuti muone, kumabwerera, mukachotsa kumayambanso ulendo. Mita yanu ya 10 MΩ ndi yomwe ikupereka njira yomwe bias current, ka current kakang'ono koyenda pa miyendo yolowera, ilibe. Zimachitika mukalowetsa signal kudzera m'ma capacitor, transformer kapena thermocouple yosalumikizidwa kulikonse. Current ya 1 nA mu capacitor ya 0.1 µF imakweza voltage ndi 10 mV pa sekondi. Ikani resistor kuchoka pa mwendo uliwonse kupita ku ground, kapena pakati pa supply ngati supply ndi imodzi, ndipo awiriwo afanane.

Kunjenjemera

Lowetsani square wave yaing'ono, ya 50 mV kotulukira, kuti slew rate isalowerere. Nthawi yokwerera ikuuzani bandwidth, popeza bandwidth ndi pafupifupi 0.35 kugawa ndi nthawi imeneyi. Kudumpha ndi kugwedezeka pansonga kukuuzani kuti seketi yayandikira bwanji kuyamba kuimba yokha. Chizindikiro china chili pa supply: IC ya 600 µA ikamadya ma mA angapo popanda katundu, kapena voltage ya DC ikamasintha mukayandikiza chala, ikunjenjemera pa frequency yomwe mita siiona.

Musanaimbe mlandu seketi, yang'anani probe. Pa ×1 imaika pafupifupi 100 pF pamalo pomwe mwagunda, pa ×10 imaika 10 mpaka 15 pF. Kawaya ka ground katali ka probe nako kamalira kokha pa square wave yakuthwa. Sinthirani ku ×10, gwiritsani kasipuling'i kafupi ka ground, muonenso.

Kunjenjemera kukapitirira, chotsani chilichonse cholumikizidwa kotulukira. Ma amplifier odya pang'ono ali ndi impedance yaikulu m'gawo lotulukira, ndiye capacitance yomwe IC yadyera siingaimve n'komwe, iwo imawagwedeza. Mita imodzi kapena awiri a coax akukwanira. Resistor ya 50 mpaka 100 Ω pa mwendo wotulukira penipeni, waya asanayambe, imathetsa zambiri. Onaninso kuti pa mwendo uliwonse wa supply pali 0.1 µF pafupi kwambiri, ndi ina ya 10 µF chapafupi.

ADC ya mtundu wa SAR ili ndi khalidwe lake. Nthawi iliyonse ikatenga sampulo imalumikiza ka capacitor kake kotulukira kwa amplifier n'kukankha voltage. Amplifier yofooka imachedwa kubwerera, ndipo zotsatira zake zimaoneka ngati gain yolakwika yomwe imakula mukafulumizitsa sampulo. Yesani kutsitsa liwiro la sampulo ka 10. Manambala akasintha, vuto ndi limeneli. Resistor yaing'ono ndi capacitor ya 1 nF kapena kuposerapo pang'ono pa mwendo wa ADC zimathandiza, koma muyezenso ndi square wave chifukwa capacitor yomweyo ikhoza kuyambitsa kunjenjemera resistor ikachepa. Ndipo ngati mukusinthasintha ma sensor ndi multiplexer kutsogolo kwa in-amp, werengani nthawi yokhazikika: 12 bit imafuna ma time constant 9, 16 bit pafupifupi 12. Pa bandwidth ya 33 kHz time constant ndi 4.8 µs, ndiye 12 bit imafuna 43 µs musanawerenge.

Phokoso

Lumikizani miyendo yolowera pamodzi, muiike pakati pa supply, muyeze phokoso. Kenaka bwezerani ma resistor a sefa, kenaka waya, kenaka sensor. Pamene phokoso ladumpha ndi pamene likulowera.

Lina mwa ilo si vuto ayi, ndi mtengo wa bandwidth. Phokoso limakula ndi square root ya bandwidth, ndipo sefa ya pole imodzi imalowetsa phokoso ngati bandwidth yake ndi yaikulu ka 1.57. INA333 ili ndi 50 nV/√Hz. Pa 33 kHz uja zimapereka osachepera 11 µV rms kolowera, pafupifupi 75 µV kuchoka pansonga kufika pansi, kapena 7.5 mV pambuyo pa gain ya 100. Pa ADC ya 12 bit ndi 3.3 V, pomwe sitepe imodzi ndi 0.8 mV, manambala azivina masitepe 9. Palibe chowonongeka. Mwatsegula bandwidth ka 10, phokoso lakula katatu. Ngati signal yanu ithera pa 5 kHz, dulani zotsalazo ndi sefa pambuyo pa amplifier, pamalo pomwe singasokoneze CMRR.

Ma resistor akuluakulu, omwe timawakonda posunga magetsi, ali ndi phokoso lawo: 1 kΩ imatulutsa 4 nV/√Hz, 10 kΩ imatulutsa 13, 100 kΩ imatulutsa 40. Awiri a 10 kΩ kolowera amapanga 18 nV/√Hz. Mukawaika kutsogolo kwa AD620 mwalipira 1 mA kuti mupeze 9, koma mwalandira 20. Kutsogolo kwa INA333 ma resistor omwewo samveka n'komwe. Resistor yoyenera imadalira IC yomwe ili kumbuyo kwake.

Phokoso lokhala ndi kayendedwe kake lili ndi mwini. Timinga tobwera pa nthawi yofanana tikhoza kukhala ta switching regulator, poti PSRR, mphamvu yokana phokoso la pa supply, imene ili pamwamba pa 100 dB pa DC imakhala itatha mphamvu pofika mazana a kHz. Yesani kudyetsa seketi ndi batire lokha. Timingato tikasowa, ikani regulator ya LDO kapena sefa ya RC pa supply, ndipo poti IC imadya pang'ono, resistor ya 100 Ω siitaya voltage yodandaulitsa. Tikakhalapobe, ndipo IC ndi ya zero-drift, ndi take: INA333 imadzikonza offset pa 8 µs iliyonse, ndipo mukatambasula bandwidth ndi op-amp wapatsogolo, zotsalira za kudzikonzako zimayamba kuoneka, makamaka resistance ya kolowera ikakhala yaikulu kapena yosafanana. Pomaliza pali RF, mafunde a wailesi. Kotulukira kukamadumpha masitepe a DC nthawi iliyonse wailesi ya Bluetooth kapena Wi-Fi pa bodi ikatumiza, kapena foni ikayandikira waya, ma transistor olowera akusandutsa RF kukhala DC. Sefa yapambuyo siingachotse zimenezi chifukwa zasanduka kale DC. Ziyenera kutsekeredwa kunja, ndi sefa ya kolowera ija ndi waya wopota wokhala ndi shield.

Ikakhaladi IC

Mukadutsa monsemu ndipo masamu akunenabe kuti bandwidth pa gain yanu, slew rate kapena phokoso sizikukwana, sinthani IC ndi mtima woyera, ndipo tsopano mukudziwa nambala yomwe mukugula. Pakati pa 50 µA ndi 2.3 mA pali malo ambiri: INA828, mwachitsanzo, imapereka 260 kHz pa gain ya 100 ndi 7 nV/√Hz pa pafupifupi 600 µA. Muonetsetse supply yochepetsetsa, chifukwa AD620 ndi INA128 zimafuna cha ku 4.5 V pakati pa miyendo yake ya supply, pomwe INA333 imayenda kuyambira 1.8 V.

Ngati simukuyeza nthawi zonse, IC yadyera ikhoza kukhala yosunga batire kuposa yofooka. Ya 2.3 mA yoyatsidwa 1 peresenti ya nthawi imadya 23 µA mukawerengera nthawi yonse, ndipo poti ndi yothamanga imakhazikika msanga. Koma zinthu ziwiri zimaononga masamu amenewa. Choyamba ndi ma RC ozungulira IC: 0.1 µF ndi 1 MΩ kolowera ali ndi time constant ya 0.1 sekondi, ndiye kudikira ma time constant 9 ndi pafupifupi sekondi yathunthu IC ili chiyakire. Gawo limenelo lisiyeni pa voltage yake nthawi zonse, muzizimitsa amplifier yokha. Chachiwiri chimabadwa pa choyambacho: supply ikazima koma miyendo yolowera ikadali ndi voltage, current imadutsa m'ma diode otetezera a m'kati n'kuyamba kudyetsa IC chakumbuyo, n'kukokera pansi voltage yomwe mumafuna kusunga ija. Ikani mita ya µA pa mwendo wolowera supply itazima. Ikawerenga kanthu, funani IC yokhala ndi mwendo wa shutdown, kapena ikani switch yodula kolowera amplifier isanazime.